Padi yosanjenjemera ndi waya wa buluu

Padi imene ndikufuna kukamba, chogwirira cha m'manja chosewerera magemu, inafika m'katoni limodzi ndi PlayStation 3 yogwirapo kale ntchito, imene mlamu wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg. Anaipatsira kondakitala wa basi, ine n'kulawirira m'tauni kukailandira, ndipo pobwerera ku Kawale ndinaifungatira pamiyendo m'minibasi ngati khanda. Masiku amenewo ndinali ndi kashopu ka magemu: chipinda chimodzi cha malata, mabenchi awiri, ma TV atatu a chimsana aja, ndi chinsalu pakhomo chotchinga dzuwa. Anyamata ankabwera akangoweruka, ena yunifomu idakali m'thupi, n'kumalipira pa gemu iliyonse ya mpira. Makina anga onse anali PlayStation 2. Atsopanowa ndiwo ndinkadalira kuti akweza dzina la shopu.

Ola silinakwane. Mnyamata wina wa fomu 2, amene palibe ankamugonjetsa pabenchi lija, anaika padi pansi. "Achimwene, iyi ndi yakufa. Mpira wamenya chitsulo koma m'manja muli zii." Anzake anailandizana, aliyense akuiyeza kulemera kwake, ndipo chigamulo chinali chimodzi: yapepuka kwambiri, ndi ya feki. Usiku umenewo nditatseka shopu ndinaimasula. Bolodi linalipo, batire linalipo, mabatani onse ali bwinobwino. Koma m'zogwirira ziwiri zija, mmene ndinazolowera kupeza timamota, munali mphako zokhazokha. Ndinayang'ana ngati pali waya wodulidwa, poganiza kuti wina anazula timamotato n'kukagulitsa. Panalibe chipsera chilichonse. Padi ija inabadwa choncho. Pamutu pake panalembedwa kuti SIXAXIS, ndipo panapita zaka ndisanadziwe kuti mphako zimene ndinkaziyang'anazo zinali ndi mbiri ya ku khoti.

Amene sanatsegulepo padi mwina amayesa kunjenjemera kuja ndi matsenga a kompyuta. Ndi chinthu chapafupi zedi. M'chogwirira chilichonse mumakhala kamota ngati ka m'galimoto ya chidole, ndipo kumutu kwake amamangirirako kachitsulo kolemera mbali imodzi yokha, kooneka ngati theka la mwezi. Kamota kakazungulira, kulemera kopendekerako kumakokera padi uku ndi uku, monga wilo lopindika limagwedezera kabaza yense ndi wokwera yemwe. Kachitsulo ka kumanzere ndi kakakulu, kamapereka kugunda kwamphamvu. Ka kumanja ndi kakang'ono, kamangonthunthumiritsa. Gemu ndiyo imalamula kuti kazungulire kati, mwamphamvu bwanji, ndipo kaleke liti. Nintendo inatulutsa kachipangizo kotere ka makina ake a Nintendo 64 mu 1997, ndipo chaka chomwecho Sony inayamba kugulitsa DualShock ku Japan, padi imene ana a PlayStation padziko lonse anakulira nayo m'manja.

Mu 2002 kampani ina ya ku California, dzina lake Immersion, inasumira Sony ndi Microsoft. Inati njira imene mapadi awo amanjenjemerera polamulidwa ndi gemu ili m'kati mwa mapatenti ake. Patenti ndi chikalata cha boma chonena kuti luso lakutilakuti ndi la uje, ndipo wina asalipange kapena kuligulitsa popanda chilolezo chake mpaka zaka zoikika zitatha, zimene m'maiko ambiri ndi 20. Microsoft sinafune kukokanakokana. Mu 2003 inagwirizana ndi Immersion kunja kwa khoti n'kupereka madola 26 miliyoni. Sony inasankha kulimbana nawo mlanduwo. Mu September 2004, ku khoti la mu mzinda wa Oakland, gulu la nzika zoweruza linagamula kuti Sony ipereke madola 82 miliyoni, ndipo chiwongoladzanja chitawonjezeredwa chaka chotsatira ndalamayo inapitirira 90 miliyoni. Sony inachita apilo.

Apilo ili m'kati, mu November 2006, PlayStation 3 inatuluka ndi padi yopanda timamota. Sony inafotokoza kuti kunjenjemera kukanasokoneza kachipangizo katsopano kozindikira kupendekeka kwa padi. Ambiri okonda magemu sanakhutire ndi yankholi, chifukwa mwezi womwewo Nintendo inatulutsa Wii, imene chogwirira chake chinkachita zonse ziwiri, kuzindikira kugwedezeka kwa dzanja ndi kunjenjemera. Mu March 2007 Sony ndi Immersion anamvana, mlandu n'kutsekedwa. Chisanathe chaka chomwecho DualShock 3 inali m'mashopu a ku Japan, timamota tabwerera m'malo mwake, kachipangizo kozindikira kupendekeka kali momwemo. Aliyense atha kuwerenga yekha mndandanda wa masikuwo.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi si kuchuluka kwa madola. Ndi mtunda. Anthu ovala masuti anakangana m'chipinda china ku Oakland, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi mwana wa ku Kawale, amene California sanaionepo ngakhale pa mapu, anamva zotsatira zake m'zikhatho. Padi ija inalibe vuto lililonse. Kunena zoona ndiyo inakhalitsa kuposa zonse zimene ndinakhalapo nazo, ndipo batire lake silinkatha msanga popeza panalibe mota yolidya. Koma anyamata ankaikana, choncho ndinaiika m'kabati.

Tsopano za waya.

Magemu a PlayStation 3 ndi olemera. Makina ambiri amene ankafika kuno ogwirapo kale ntchito ankabwera diso lowerengera chimbale litafooka, ndipo fumbi la Lilongwe la mwezi wa September linkamalizitsa. Njira yokhayo inali kusunga magemu m'kati mwa makina momwemo. Apa ndi pamene ndinakumana ndi khoma. Makinawa amawerenga fulashi yokonzedwa m'njira yotchedwa FAT32, ndipo FAT32 silandira fayilo imodzi yofika magigabaiti 4. Fulashi ingakhale yaikulu motani, ingakhale ilibe kanthu m'kati, fayilo ikangofika pamenepo imakana. Mnzanga wina wokonza mafoni ku Malangalanga ndiye anandimasula. Anatulutsa m'dirowa waya wa buluu wa netiweki, wa mamita awiri, nati, "Aise, siya za fulashi. Lumikiza laputopu ndi makinawo, ugwiritse FTP."

Ndimakumbukirabe usiku woyamba. Pulogalamu yake inali FileZilla, yaulere, imene Tim Kosse ndi anzake awiri anaiyamba mu 2001 ngati ntchito ya m'kalasi. Sikirini imagawika pawiri: kumanzere zinthu za mu laputopu, kumanja za m'makina. Umagwira fayilo kumanzere, n'kuikokera kumanja, basi kamzere kobiriwira n'kuyamba kukwawa. Panalibe intaneti, panalibe bandulo, panalibe wondilipiritsa. Magetsi atazima pakati pausiku mtima unangoti myuu, poganiza kuti maola onse aja apita m'madzi. Atayaka, pulogalamu inandifunsa ngati ndikufuna kupitiriza pamene inalekezera. Amene anakonza njirayi anali ataganizira kale za munthu amene kulumikizana kwake kumaduka. Ndinamva ngati ankandidziwa.

Pambuyo pake ndinafufuza kuti anthu amenewa anali ndani. FTP, njira yotumizira mafayilo pakati pa makompyuta ija, inalembedwa koyamba ndi Abhay Bhushan, mmwenye amene ankagwira ntchito ya kafukufuku pa sukulu ya MIT ku America, ndipo chikalata chake chinatuluka pa 16 April 1971. Taganizani chaka chimenecho. Likulu la dziko lino linali lidakali ku Zomba, linasamukira kuno mu 1975. Netiweki imene ankailembera, ya ARPANET, inali ndi makompyuta osafika ndi 30 omwe. Chikalatacho chinali cha nambala 114 pa mndandanda wa zikalata zotchedwa RFC, dzina limene tanthauzo lake ndi pempho loti ena aperekepo maganizo. Dzina lokhalo limandisangalatsa. Munthu wapeza njira yoti makompyuta awiri osiyana mtundu azipatsirana mafayilo, ndipo m'malo mothamangira kwa loya akuuza anzake kuti nayi, onani, konzani pamene ndalakwitsa. Anzakewo anakonzadi, kangapo konse, mpaka mu October 1985 pamene Jon Postel ndi Joyce Reynolds analemba RFC 959, imene ikugwirabe ntchito lero. Wina aliyense atha kuiwerenga kwaulere, n'kulemba pulogalamu yake, osapempha kwa munthu.

Kagwiridwe kake kamandikumbutsa ku holoselo. Pali zenera lokambirana, pamene umanena dzina lako ndi katundu amene ukufuna, ndipo pali khomo lina lotulutsira matumba. FTP imatsegula njira ziwiri chimodzimodzi: ina ya malamulo, imene mwachizolowezi imakhala pa khomo la nambala 21, ina yonyamula fayilo yeniyeniyo. Chofooka chake n'chakuti inapangidwa nthawi imene onse a pa netiweki ankadziwana, choncho dzina ndi mawu achinsinsi zimayenda poyera, wobisalira panjira atha kuziwerenga. N'chifukwa chake Chrome ndi Firefox anaichotsa mu 2021, ndipo amene amatumiza zinthu zofunika pa intaneti anasamukira ku njira zokhoma monga SFTP. Ngati muli ndi webusaiti, musatumize mawu anu achinsinsi pa FTP wamba. Koma pa waya wa mamita awiri m'chipinda cha malata ku Kawale panalibe womvetsera, ndipo nkhalamba ya mu 1971 ija inkagwira ntchito ngati mnyamata.

Ife a Lilongwe kusamutsa mafayilo timakudziwa kuposa mmene timadziyesera. Bandulo ndi yodula, choncho chinthu chikatsitsidwa kamodzi pa intaneti chimayenda chokha mzinda wonse. Munthu mmodzi atsitsa ulaliki kapena mapepala a mayeso akale a MSCE ku City Centre, madzulo afika nawo ku Area 25, mawa lake ali ku Chinsapo ndi ku Likuni. Tinayamba ndi kugundanitsa mafoni pa infrared, osapuma mwamphamvu kuopa kudula. Kenako Bluetooth, nyimbo imodzi mphindi zingapo. Kenako SHAREit ndi Xender, amene amasandutsa foni imodzi kukhala kasiteshoni ka Wi-Fi n'kuponyera inzake popanda kudya data. Mawu oti "ndiponyere" analowa m'chilankhulo. Pamsika uliwonse pali kabenchi ka obena, laputopu ndi sipika, pamene amayi ogulitsa tomato amasiya memore kadi m'mawa n'kudzaitenga masana itadzaza nyimbo za kwaya. Bluetooth ija ili ndi mapatenti ambirimbiri, koma mu 1998 Ericsson, Nokia, IBM, Intel ndi Toshiba anapanga bungwe limodzi n'kugwirizana kuti olowa m'bungwemo azibwerekana luso lawo. Anazindikira kuti foni ya Nokia ikalephera kulankhula ndi laputopu ya Toshiba, onse awiri aluza. Ngakhale padi yanga yosanjenjemera ija imalankhula ndi makina ake pa Bluetooth yomweyo.

Sindikunena kuti mbali ya mafayilo kunalibe mikangano. Inaliko, ndipo ina inali yowawa. Kumapeto kwa 1994 kampani ya Unisys inayamba kufuna ndalama kwa opanga mapulogalamu a zithunzi za GIF, chifukwa njira yofinyira zithunzizo inali mu patenti yake. Anthu anakwiya, ndipo gulu la odzipereka linakonza mtundu wina wa zithunzi, PNG, woti aliyense agwiritse ntchito mwaulere. Patenti ija inatha ku America mu 2003, PNG ilipobe. FAT imene inandivutitsa ija ndi ya Microsoft, imene mu 2009 inasumira kampani ya TomTom pa nkhani yokhudza mapatenti a FAT. Mng'ono wake wa FAT32, wotchedwa exFAT, amene alibe malire a magigabaiti 4 aja, anakhala zaka zambiri wolipiritsa, mpaka mu 2019 pamene Microsoft inasindikiza kapangidwe kake poyera n'kulola kuti alowe mu Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsera makompyuta. MP3 imene tonse timaponyerana inali yolipiritsa kwa opanga zipangizo mpaka 2017. Ndipo ZIP inabadwa mu mkwiyo: Phil Katz atasumiridwa mu 1988 chifukwa cha pulogalamu yake yofinyira mafayilo, anakonza njira yakeyake mu 1989 n'kulengeza kapangidwe kake kuti aliyense atengere. Ya amene anamusumira ija ndi ochepa akuikumbukira lero.

Ndikayang'ana mbiri yonseyi ndimaona kuti pa nkhani ya kupatsirana, chotchingidwa ndi mpanda chimafota, chosiyidwa poyera chimafalikira. Chifukwa chake n'chosavuta. Njira yotumizira fayilo ili ngati chilankhulo, ilibe ntchito ngati ukuidziwa wekha. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo Bhushan anaikadi, mpaka zinadzatulukira kwa ine. Padi ndi nkhani ina. Imagulitsidwa imodziimodzi, aliyense amagwira yake, ndipo kampani imene yapeza kagwiridwe kokoma m'manja imafuna ikhale yokha nako. Onani kamtanda ka kumanzere kaja koyendetsera. Kanayamba kutchuka mu 1982 pa timagemu ta m'manja ta Game & Watch, ta gulu la Gunpei Yokoi ku Nintendo, ndipo Nintendo inakatengera patenti. Mukaika mapadi akale pamodzi muona kuti ka Sony ndi koduka panayi pamwamba, ka Sega ndi kozungulira ngati mbale, ndipo ambiri odziwa za magemu amati kusiyanaku kunayamba ndi kuzemba mpanda wa Nintendo. Chala chanu chachikulu chakhala chikuyenda m'malire a maloya inu osadziwa.

Ndikanalekera pomwepa mukanati ndine mdani wa mapatenti. Ndinali wotero ndithu, mpaka nkhani ya mphwanga.

Mwana wa achemwali anga anagwera pa mbaula akukwawa. Anachira, koma chala chachikulu cha dzanja lamanja chinauma, sichipinda. Pa padi ya PlayStation chala chimenechi ndicho mfumu: eksi, seko, bokosi ndi thirayango zonse ndi zake. Mwanayo ankabwera ku shopu tsiku lililonse, n'kukhala kumapeto kwa benchi kuonerera anzake. Akamupatsa padi ankayesa kudina ndi chala cholozera, dzanja litapindika ngati nkhanu, ndipo asanapatsire mpira anali atalandidwa kale. Sankadandaula. Ankangobweza padi n'kunena kuti, "Amalume, ine ndimakonda kuonera." Mawu amenewo ankandilasa, chifukwa ndinkaona mmene mapazi ake ankaseweretsera pansi pa benchi mpira ukamayenda pa sikirini.

Tsiku lina ndikuyang'ana mmene wagwirira padi, ndinaona kuti zala zake zapakati zangokhala kuseri, zamphamvu bwinobwino, zopanda ntchito. Usiku ndinatsegula kabati n'kutulutsa Sixaxis ija. Mphako zimene khoti la ku Oakland linasiya zinali malo okwanira bwino. Ndinazula timabatani tiwiri pa DVD yakufa, ndinaboola pulasitiki ya kuseri ndi msomali wotentha, ndinafufuza ndi mita timadontho ta pa bolodi topita ku eksi ndi ku bokosi, n'kuwotcherera timawaya topyapyala ngati tsitsi. Zinanditengera mausiku atatu, ndipo kawiri konse ndinayambiranso. Loweruka ndinamupatsa. Anadina kuseri, wosewera wake n'kupatsira mpira. Anadinanso. Sanandiyang'ane n'komwe, maso anali pa sikirini, koma milomo inkanjenjemera. Pofika mwezi wotsatira anali akugonjetsa anyamata a fomu 4, ndipo ena anayamba kudandaula kuti padi yakeyo ndi yokondera.

Mu 2021 ndinawerenga za mlandu wina ndipo ndinakhala kaye pansi. Kampani ya Ironburg Inventions, imene imasunga mapatenti a opanga mapadi a SCUF, inasumira Valve, eni ake a sitolo ya magemu ya pa intaneti ya Steam, chifukwa cha zodinira za kuseri kwa padi yawo ya Steam Controller, zodinidwa ndi zala zapakati. Mlanduwo unazengedwa ku khoti la ku Seattle nthawi ya Covid-19, pa Zoom, ndipo oweruza aja anatumiziridwa padi aliyense kunyumba kwake kuti aigwire yekha. Mu February 2021 anagamula kuti Valve ipereke madola opitirira pang'ono 4 miliyoni, ndipo nkhaniyo inapitirira ku ma apilo. Microsoft inali itagula kale chilolezo kwa SCUF pa padi yake ya Xbox Elite. Maganizo amene anandifikira ndikuyang'ana dzanja la mwana wa achemwali anga, kwina anali katundu wa mamiliyoni.

Ndinamva zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo mpaka lero sizinagwirizane mumtima mwanga. Choyamba chinali kukana. Zala zapakati anazilenga ndi Mulungu, ndipo aliyense woyang'anitsitsa dzanja logwira padi atha kuona kuti zikungokhala. Ngati ine wa msomali wotentha ndinafikapo ndekha, kodi ndi luso loyenera mpanda wa zaka 20? Chachiwiri chinali chosiyana kotheratu. Ndinakumbukira mausiku atatu aja, utsi wa mtovu m'maso, ndipo ndinadzifunsa kuti kampani yaikulu itaona padi ya mphwanga, n'kupanga miliyoni imodzi, osanditchula n'komwe, ndingamve bwanji. Ndingamve kuberedwa. Ndiye ndinamvetsa chimene munthu wamng'ono amafunira chikalata: popanda icho, wamkulu amangotola.

Nditapita kukawerenga patenti yeniyeniyo ndinapeza kuti sinena za batani lililonse la kuseri. Imanena za tizitsulo kapena timapulasitiki tataliko, tofewa, totsika m'mbali mwa msana wa padi, tobwerera tokha ukatisiya. Timabatani tanga ta DVD si timeneto. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti mphamvu ya patenti ili m'mawu ake enieni, ndipo milandu yambiri imathera pa tanthauzo la liwu limodzi. Ndi pomweponso pamalowera chinyengo. Mu 2008 kampani yaing'ono ya Anascape inapambana madola 21 miliyoni kwa Nintendo ku khoti la ku Texas pa nkhani ya mapadi, koma mu 2010 khoti la apilo linagwetsa chigamulocho, litapeza kuti zimene ankati ndi zawo sizinali m'chikalata chawo choyambirira, ndipo pamene ankaziwonjezera n'kuti mapadi a Sony otero ali kale pamsika. Munthu wopanga chinthu ndi manja ake ndimamulemekeza ndipo ndikufuna atetezedwe. Wokulitsa mpanda pambuyo poona pamene mnzake walima, ameneyo ayi.

Patenti imagwira ntchito m'dziko limene yalembetsedwa basi. Ya ku America ilibe mano ku Kawale. Wofuna chitetezo kuno amalembetsa kuno, kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa limene likulu lake lili ku Harare ndipo Malawi ndi membala wake. Lamulo la mapatenti limene dziko lino linayendera zaka zambiri linachokera m'nthawi ya chitaganya, m'ma 1950, ndipo amisiri a ku Mchesi kapena ku Biwi amene amatulukira zinthu tsiku ndi tsiku, ozimitsa moto wa mavuto ndi waya ndi chitsulo chotola, ambiri sanauzidwepo kuti khomo limeneli liliko. Komanso tisamayese kuti nkhaniyi ndi ya zoseweretsa zokha. Ife Amalawi tinaika maliro ambiri nthawi imene mankhwala otalikitsa moyo ankagula madola oposa 10,000 pa munthu pachaka. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inati ipanga mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pachaka, chaka chomwecho maiko anagwirizana ku Doha kuti mapatenti asatsekereze umoyo wa anthu, ndipo mu 2004 ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala zathu. Aliyense wa msinkhu wanga ali ndi m'bale amene ali moyo lero chifukwa mpanda wina unatsegulidwa. Ndikamakamba za timamota ta m'padi, zimenezi zimakhala kuseri kwa mutu wanga.

Pali chinanso chimene sindingachilambalale. Zambiri zimene zinkayenda pa waya wanga wa buluu, ndi zimene zimayenda pa mabenchi a obena, zili ndi eni ake amene sanalandirepo kanthu. Umenewo si mlandu wa patenti, ndi wa umwini wa nyimbo ndi zolemba, umene kuno amayang'anira ndi a COSOMA. Woimba wa ku Area 23 amene nyimbo yake ili m'foni iliyonse mu mzinda uno koma akusowa ya lendi ndi mnansi wanga, ndipo ufulu wa waya umene ndikuutamandawu ndi womwewo umene umamudyera. Lamulo la mu 2016 linabweretsa kandalama kowonjezera pa zipangizo zosungira zinthu monga mafulashi, koti kazipita kwa eni luso. Ndimakalipira mosanyinyirika. Njira ikhale yaulere, inde, koma katundu woyenda panjirapo ali ndi mwini.

Chimene ndinapindula kwambiri pa kufufuza konseku ndi chinthu chimene palibe anandiuzapo kusukulu. Patenti ndi msinthano. Boma limakupatsa zaka zako, koma iwe umayenera kufotokoza poyera mmene chinthu chako chimagwirira ntchito, ndi zojambula zomwe, mokwanira kuti mmisiri wina achipange. Zikalata zimenezi zili pa intaneti kwaulere, mamiliyoni, ndipo zambiri zaka zake zinatha kale. Kamtanda ka Nintendo kali pamenepo, kojambulidwa mbali zonse, kali ndi kachinthu kobulungira pansi chapakati kamene kamaletsa kuti udine kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi. Ndinatsitsa zingapo usiku bandulo ikatsika mtengo, ndinaziika pa fulashi, ndipo mphwanga anaziponyera m'foni mwake. Chingerezi chake ndi cha maloya, chouma ngati chikonyo, koma zojambula sizifuna womasulira.

Shopu ya magemu ndinatseka, ana a masiku ano amasewera pa foni. Panopa ndimakonza mafoni ndi malaputopu, ndipo mphwanga, amene tsopano ndi mnyamata wamtali kundiposa, amakhala nane pa benchi akapuma kusukulu. Chala chija n'chouma chikhalire, koma amagwira chowotcherera ndi zala zitatu mokhazikika kuposa ine. Waya wa buluu uja ulipobe, kachotsekera kake kanathyoka, timachita kuugwiriziza ndi kamtengo ka machesi.

Mwezi wathawu anabwera ndi nkhani. Ku tchalitchi kwawo kuli kamtsikana kamene dzanja lake lamanzere lili ndi zala zitatu, ndipo azichimwene ake ali ndi PlayStation 3 yakale kunyumba. Anali atajambula kale pa pepala la m'kope pamene mabatani angakhale, osati pamene ndinaika ine, koma chapansi pang'ono, ndi kachitsulo kopingasa koti chala chimodzi chizidina mbali ziwiri. "Amalume, DualShock siitheka, timamota tadzaza malo. Tikufunika yopepuka ija."

Loweruka tinatsikira ku msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumene zamagetsi zakale zimathera. Tinayenda benchi ndi benchi, tikunyamula padi iliyonse m'dzanja, osayang'ana mtundu kapena kuwala kwake, kungoyeza kulemera. Pa benchi lachisanu mphwanga anandigwira mkono. Anali ndi ziwiri, zakuda, zokalikakalika, zopepuka ngati chikwatu cha chimanga. Wogulitsa anali munthu wachilungamo. Anati, "Bwana, ndikuuzirenitu, zimenezo sizinjenjemera. Tengani iyi yolemerayi." Ndinamuuza kuti tikudziwa, ndipo ndi zomwezo tabwerera. Anatiyang'ana, anayang'ana mapadiwo, natsitsa mtengo yekha tisanapemphe. Tinagula zonse ziwiri, ndipo m'minibasi yobwerera mphwanga anali atayamba kale kumasula yoyamba ndi kasikuludiraiva ka m'thumba.